Masekondi atatu: mbili ya nkhondo yolimbana na quarterback

Ife amene timatsatila mpila wa ku America tili kuno ku Zambia timalipila na tulo. Super Bowl imayamba ca m'ma 01:30 usiku wa pa Sondo kucela Mande, ndipo kukaca kilasi na nchito siziyembekezela munthu. Usiku wa pa 9 kucela pa 10 February 2025 tinakhala maso kuti tione Patrick Mahomes na Kansas City Chiefs akutenga cikho kacitatu motsatizana, cinthu cimene palibe timu inacitapo ciyambile Super Bowl. Pofika nthawi yopuma, Philadelphia Eagles inali patsogolo 24-0. Masewela anatha 40-22, ndipo Mahomes anagwetsedwa ka 6 mpila uli m'manja.

Cimene cinatizunguza mutu n'cakuti Vic Fangio, kochi wa ochinga a Eagles, sanatumize munthu woonjezela olo kamodzi kuti akathamangitse Mahomes. Anayi kutsogolo, ena onse kumbuyo. Kutaca, mkangano unabuka m'magulu athu a pa WhatsApp. Ena anati Mahomes tsiku linangomuipila, ena anati Fangio wapeza mankhwala atsopano. Mankhwalawo ni akale, anzathu. Makochi akhala akuwasakaniza kwa zaka zoposa 60 pofuna kuyankha funso limodzi: munthu amene aona bwalo lonse, aganiza msanga, ndipo aika mpila pamene wafuna, ungamuimitse bwanji?

Bulangeti lalifupi

Kwa amene angoyamba kumene kuonelela, tiyambe na masamu. Timu iliyonse imakhala na anthu 11 m'bwalo. Timu imene ili na mpila imapatsidwa mipata inayi kuti ipite patsogolo mayadi 10, amene ni mamita 9 na pang'ono. Ikakwanitsa, ipatsidwa inayi ina; ikalephela, mpila upita kwa adani. Quarterback ndiye amalandila mpila poyamba, ndipo anthu asanu a matupi akuluakulu amaima patsogolo pake monga khoma. Anzake asanu otsala angathamange kukawakha mpila. Kucokela pamene mpila wafika m'manja mwake mpaka pamene auponya, nthawi zambili pamadutsa masekondi osakwana atatu.

Ochinga nawo ali 11, ndipo afunika kugawana nchito ziwili: ena kuthamangitsa quarterback, ena kuyang'anila owakha mpila. Mwa masiku onse othamangitsa amakhala anayi. Kochi akatumiza oposa apo, ndiye cimene amati blitz. Akatumiza 6, kumbuyo kwatsala asanu kuyang'anila asanu, munthu na munthu wake, ndipo mmodzi akangotelelako palibe womuthandiza. Akatumiza atatu, kumbuyo kwadzaza, koma quarterback apeza nthawi yoima, kuyang'ana na kusankha. Aliyense amene anafundapo bulangeti lalifupi mu June adziwa vuto limeneli: ukakokela kumutu, mapazi ali pa mphepo. Mbili yonse imene tikamba pano ni ya anthu okoka bulangeti limeneli uku na uku.

Mufikeni asanaponye

Kuponya mpila kutsogolo kunaloledwa mu 1906, koma kwa zaka zambili matimu anali kudalila kuthamanga nawo, ndipo ochinga anali kuphunzila kugwila munthu wothamanga. Pamene oponya aluso monga Johnny Unitas wa Baltimore Colts anayamba kuwina masewela na dzanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, yankho loyamba linali losavuta kumva: mufikeni asanaponye. Amene anaonetsa bwino mmene zimacitikila ni Deacon Jones wa Los Angeles Rams m'zaka za m'ma 1960. Mpila ukangoyamba, anali kuomba mbama pa cisoti ca munthu wa pa khoma, ndipo munthuyo pophethila, Jones anali atadutsa kale. Iye ndiye anachukitsa liwu lakuti sack, kutanthauza kugwetsa quarterback asanaponye, ngakhale kuti ligi ya NFL inayamba kuwelenga ma sack mwalamulo mu 1982, iye atasiya kale kusewela.

Kumbuyo nako kunalibe cifundo. Mel Blount wa Pittsburgh Steelers, munthu wamtali na wamphamvu, anali kukankha owakha mpila bwalo lonse malinga ngati mpila ukalibe kuponyedwa, ndipo lamulo linali kumulola. Mapointi anacepa, ndipo eni matimu anadziwa kuti anthu amagula tikiti kuti aone mpila ukuuluka. Mu 1977 mbama ya pa cisoti inaletsedwa. Mu 1978 kunabwela malamulo awili amene anasintha masewela onse: wochinga angakankhe wowakha mpila m'mayadi 5 oyambilila cabe, ndipo anthu a pa khoma analoledwa kutambasula manja na kutsegula zikhatho poteteza quarterback wao. Lamulo loyambalo mpaka lelo anthu amalichula na dzina la Blount. Coseketsa n'cakuti Steelers yomweyo ndiyo inatenga cikho sizoni imeneyo, quarterback wao Terry Bradshaw atasankhidwa kukhala wosewela wopambana onse mu ligi. Mfundo iyi tiisunge cifukwa idzabwelanso: ochinga akapeza njila yogwila nchito kwambili, olemba malamulo amaicepetsa mphamvu.

Popeza kugwila owakha kunavuta, maso onse anabwelela kwa woponya. Mu 1981 New York Giants inapeza Lawrence Taylor, munthu wa mphamvu za wa pa khoma koma wa liwilo la wothamanga. Taylor anali kukonda kucokela kumanzele kwa khoma, kumene quarterback woponya na dzanja lamanja amafulatila. Munthu angazembe cimene aona, koma ca kumsana amangocimva cikamugunda. Pa 18 November 1985, dziko lonse la America likuonelela pa TV, Taylor anagwela Joe Theismann wa Washington n'kumuthyola mwendo, ndipo Theismann sanasewelenso. Mu 1986 Taylor anasankhidwa kukhala wosewela wopambana onse mu ligi, ulemu umene palibe wochinga wina anaulandilapo kucokela apo. Matimu anayankha na ndalama: munthu wa kumapeto kwa khoma kumanzele, amene kale sanali kuwelengedwa, anakhala mmodzi wa olipilidwa kwambili.

Buddy Ryan, kochi wa ochinga a Chicago Bears, anatenga ganizo lofika msanga n'kulifikitsa pamapeto. Njila yake anaicha 46, nambala ya pa jezi ya Doug Plank, wosewela wake amene anali kugunda anthu mosaopa. Ryan anaimika anthu atatu maso na maso na anthu atatu a pakati pa khoma, kuti pasapezeke wothandiza mnzake, ndipo anthu 8 anali kuunjikana pafupi na mpila. Quarterback akayang'ana, sanali kudziwa kuti abwele ni angati, acokela kuti. Mu sizoni ya 1985 Bears inawina masewela 15 pa 16. M'ndime yocotsana inamenya Giants 21-0 na Rams 24-0, ndipo pa 26 January 1986 inaphwanya New England Patriots 46-10 mu Super Bowl. Tony Eason, quarterback amene anayamba masewelawo, anaponya ka 6 popanda mnzake olo mmodzi kuwakha, ndipo anacotsedwa nthawi yopuma isanakwane.

Koma masewela amodzi aja amene Bears inaluza ndiwo aphunzitsa zambili. Pa 2 December 1985 inapita ku Miami kukakumana na Dan Marino, amene anali kudziwika na dzanja lofulumila modabwitsa. Kochi wake Don Shula anamwaza owakha atatu m'bwalo, n'kukakamiza anthu a Ryan olemela matupi kuthamanga na anyamata opepuka. Othamangitsa pofika, mpila unali utapita kale kumalo kumene iwo acoka. Pa nthawi yopuma Miami inali na mapointi 31, Bears 10, ndipo zinatha 38-24. Makochi ena anaona ndipo anaphunzila. M'zaka zocepa 46 inaleka kukhala cakudya ca tsiku na tsiku, inakhala ya apa na apo.

Munamizeni

Nthawi imodzimodziyo ku San Francisco, kochi Bill Walsh na quarterback wake Joe Montana anali kumanga kasewelede ka mipila yaifupi yoponyedwa pa nthawi yowelengeka: kubwelela m'mbuyo mapazi atatu kapena asanu, basi mpila wapita. Anali na lamulo losavuta: ukaona wochinga wasiya malo ake kubwela kwa iwe, ponya pamalo pamene wasiya. Kwa quarterback wanzelu, blitz inasanduka mphatso.

Dick LeBeau anali mmodzi wa makochi a Cincinnati Bengals pamene Montana anaimenya mu Super Bowl kawili, mu 1982 na mu 1989. M'zaka zimenezo LeBeau anali kulimbana na funso lakuti: kodi tingatumize munthu popanda kusiya dzenje? Yankho lake ndilo zone blitz. Munthu wa kumbuyo abwela mwaliwilo, koma cimphona ca kutsogolo cimene aliyense aganiza kuti cithamangitsa cibwelela m'mbuyo n'kukaima pa dzenje lija. Quarterback aona blitz, acita zimene anaphunzitsidwa, aponya pamalo pamene aganiza kuti palibe munthu, n'kupeza kuti munthu alipo. Quarterback waluso amadziwa kumene mpila upite asanaulandile n'komwe, cifukwa amawelenga mmene ochinga aimila. LeBeau anamupatsa cithunzi cabodza coti awelenge. Quarterback akangokayika kwa theka la sekondi, othamangitsa amakhala atafika.

Njila imeneyi inakula ku Pittsburgh, kumene LeBeau anathandiza Steelers kutenga zikho ziwili, mu 2006 na mu 2009. Mu Super Bowl ya pa 1 February 2009, kutatsala masekondi ocepa kuti apume, Arizona Cardinals inali pakhomo peni-peni pa kugoletsa. James Harrison anaonetsa ngati abwela kwa Kurt Warner, ndipo abwela ndiwo anali malangizo ake, koma iye mwini anasankha kubwelela m'mbuyo. Warner anaponya mpila m'manja mwake. Harrison anathamanga mayadi 100, bwalo lonse, n'kukagwa na touchdown kutsidya. Steelers inawina 27-23.

Mulandeni nthawi na zida

Bill Belichick anayang'ana vutoli mwa njila ina. Mu January 1991 Buffalo Bills ya Jim Kelly inali kusewela mothamanga, osaima kukambilana pakati pa mipata, ndipo kutatsala sabata imodzi kuti Super Bowl icitike inali itamenya Raiders 51-3. Belichick, amene pa nthawiyo anali kochi wa ochinga a Giants, anauza anyamata ake cinthu cimene sanakondwe naco: mulekeni Thurman Thomas athamange na mpila. Nthawi zambili anasiya anthu awili cabe pa mzele wa kutsogolo, ena onse n'kuwabweza kuti adzaze njila za owakha na kuwagunda akangogwila mpila. Thomas anathamangadi mayadi 135. Koma Giants ikatenga mpila inali kuyenda nawo mwakacetecete, pang'ono pang'ono, moti pa mphindi 60 za masewela inakhala nawo mphindi 40 na masekondi 33. Kelly anathela nthawi yambili ataima kunja kwa bwalo, ndipo quarterback amene ali kunja sagoletsa.

Giants inawina 20-19, Scott Norwood ataphonya kiki ya mayadi 47 kumapeto. Mapulani a Belichick a tsikulo asungidwa ku Pro Football Hall of Fame mu mzinda wa Canton ku Ohio. Koma tisaiwale kuti kusiyana kunali kwa pointi imodzi cabe. Kiki ija ikanalowa, mwina lelo tikanamukumbukila monga munthu amene analola Thomas kuthamanga mmene afunila.

Patapita zaka 11, Belichick ali kochi wamkulu wa Patriots, anakumana na St. Louis Rams ya Kurt Warner, timu imene inali kugoletsa kuposa onse. Mu November 2001 anali atayesa kale kuthamangitsa Warner na blitz kambili-mbili, n'kuluza 24-17. Pofika Super Bowl ya pa 3 February 2002 anasintha maganizo. Anaona kuti kasewelede konse ka Rams kadalila Marshall Faulk na kusunga nthawi: Warner anali kuponya pamalo pamene mnzake afike, mnzakeyo akalibe kufika. Conco analamula kuti Faulk azigundidwa paliponse pamene apita, kaya ali na mpila kapena alibe, ndipo owakha azikankhidwa akangonyamuka. Munthu akacedwa phazi limodzi, mpila ufika pamalo opanda mwini. Warner anaponya mayadi 365, koma adani anamulanda mpila kawili, ndipo umodzi Ty Law anathamanga nawo mpaka touchdown. Patriots inawina 20-17.

Mu January 2004 mankhwala amodzimodziwo anamwetsedwa Peyton Manning wa Indianapolis Colts. Owakha ake anakankhidwa na kugwilidwa masewela onse, Manning analandidwa mpila kanayi, katatu na Ty Law yemweyo, ndipo Colts inaluza 24-14. Akuluakulu a Colts anadandaula, ndipo ligi inalamula oimbila masewela kuti azitsatila lamulo la mayadi 5 mosanyengelela. Sizoni yotsatila Manning anaponya ma touchdown 49, kuposa 48 a Marino a mu 1984. Zinali monga za mu 1978 zija.

Anayi akwanile

Njila imene inatifikitsa pa usiku wa Fangio inayambila kutali. Tony Dungy anasewela ku Steelers mu 1977 na 1978, ndipo kumeneko anaphunzila kuika anthu awili kumbuyo kweni-kweni, amene amati ma safety, aliyense kuyang'anila theka la bwalo. Atakhala kochi wa Tampa Bay Buccaneers mu 1996, iye na Monte Kiffin anaonjezelapo cinthu cimodzi: wochinga wa pakati azithamangila m'mbuyo kukatseka mpata wa pakati pa awiliwo. Njilayi inachuka na dzina lakuti Tampa 2. Uthenga wake kwa quarterback unali wakuti: mayadi anayi kapena asanu tenga, tikugwila pomwepo, koma mpila wautali sutiponyela. Ngati ufuna kugoletsa, yenda bwalo lonse pang'ono pang'ono osalakwitsa olo kamodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ma quarterback ambili ochuka kudekha kumawavuta.

Njila imeneyi ili na mtengo wake. Ngati 7 ali kumbuyo, anayi a kutsogolo afunika kugonjetsa khoma la anthu asanu paokha. Tampa Bay inali na Warren Sapp na Simeon Rice. Pa 26 January 2003 inakumana na Oakland Raiders ya Rich Gannon, wosewela wopambana onse wa sizoni imeneyo. Dungy anali atacotsedwa nchito caka cimodzi m'mbuyomo, ndipo m'malo mwake munali Jon Gruden, amene anali atangocoka kumene ku Raiders. Gruden anali kumudziwa Gannon moti pokonzekela iye mwini anaima monga quarterback n'kumutsanzila. Gannon analandidwa mpila kasanu, katatu mpaka touchdown, ndipo zinatha 48-21.

Umboni waukulu unabwela pa 3 February 2008. Tom Brady anali ataponya ma touchdown 50, ndipo Patriots inali itawina masewela onse 18 a sizoni imeneyo. Giants inali na othamangitsa aluso ambili kuposa malo: Michael Strahan, Justin Tuck na Osi Umenyiora, wobadwila ku London kwa makolo a ku Nigeria. Kochi Steve Spagnuolo anatenga Tuck, munthu waliwilo wozolowela kucokela kumbali, n'kumuika pakati kuti alimbane na anthu olemela a pakati pa khoma. Apa panali nzelu. Brady sanali wothamanga, koma wothamangitsa akabwela kumbali anali kungosuntha phazi limodzi kutsogolo n'kumuzemba. Akabwela pakati, kosunthila kunalibe. Brady anagwetsedwa kasanu, ndipo timu imene inagoletsa mapointi 589 m'masewela 16 inagoletsa 14 cabe. Giants inawina 17-14.

Pa 2 February 2014 inali nthawi ya Manning kaciwili, lomba ali ku Denver Broncos, ataponya ma touchdown 55 ndipo timu yake itagoletsa mapointi 606. Seattle Seahawks siinabise ciliconse. Inaimika anthu atatu kumbuyo, Earl Thomas pakati, n'kulola Manning kuponya mipila yaifupi, ndipo aliyense wowakha anali kugundidwa pomwepo na anthu monga Kam Chancellor. Manning anagwetsedwa kamodzi cabe, koma kugwetsa si njila yokha yomufikila munthu. Cliff Avril anamugunda dzanja akuponya, mpila unauluka mopanda mphamvu, Malcolm Smith anauwakha n'kuthamanga nawo mayadi 69. Seattle inawina 43-8.

Nthawi ya Mahomes

Brady na Manning anali kuima pamalo amodzi. Ma quarterback a lelo amathamanga, ndipo bulangeti lafupikilatu, cifukwa kochi nthawi zina afunika kupatula munthu mmodzi amene nchito yake ni kungoyang'anila quarterback kuti asathawe. Mu January 2019 Los Angeles Chargers inafika poika anthu 7 opepuka a kumbuyo m'bwalo kuti ilingane liwilo na Lamar Jackson wa Baltimore Ravens, ndipo inawina 23-17. Mahomes ni wovuta koposa, cifukwa amathamanga kuti apeze nthawi yoponya, ndipo blitz amailanga mwankhanza.

Mu November 2020 Tampa Bay inayesa kuika munthu mmodzi pa Tyreek Hill, wowakha waliwilo wa Mahomes. Hill anawakha mipila ya mayadi 269 na ma touchdown atatu. Matimu awiliwa atakumananso mu Super Bowl pa 7 February 2021, kochi Todd Bowles, munthu wodziwika na kukonda blitz, anadziletsa. Anabweza ma safety awili kumbuyo n'kusiyila anayi nchito yothamangitsa. Chiefs inalibe anthu ake onse awili a kumapeto kwa khoma cifukwa covulala, ndipo Mahomes anathela usiku wonse akuthawa. Zinatha 31-9, Chiefs osapeza touchdown olo imodzi. Patapita caka, pa 30 January 2022, Bengals inali kumbuyo 21-3. Kochi Lou Anarumo anayamba kutumiza atatu cabe na kubweza 8. Mahomes anali na nthawi yambili koma analibe womuponyela, anagwila mpila mopitilila, ndipo Bengals inawina 27-24.

Tikanaima apa tikanati yankho lapezeka. Koma Mahomes nayenso anaphunzila. Hill atapita ku Miami mu 2022, iye anavomela kutenga mayadi anayi na asanu aja modekha, ndipo anasankhidwa kukhala wosewela wopambana onse. Mu February 2023 anakumana na Eagles imene inali na ma sack 70 sizoni imeneyo. Sanagwetsedwe olo kamodzi, ndipo Chiefs inawina 38-35. Caka cotsatila inatenganso cikho. Conco pamene Eagles inamugwetsa ka 6 mu 2025, ganizo linali lomwe lija la Dungy, Spagnuolo na Bowles. Cinasintha n'cakuti usiku umenewo Josh Sweat, Jalen Carter, Milton Williams na anzao anagonjetsa anthu amene anaima patsogolo pao, ndipo 7 a kumbuyo anatseka njila zonse. Mnyamata Cooper DeJean analanda mpila n'kukagoletsa pa tsiku lake lobadwa, atakwanitsa zaka 22.

Zimene mbili iyi itiuza

Tikaika nkhani zonsezi pamodzi, ochinga akhala akuba cinthu cimodzi cabe, nthawi. Jones, Taylor na Ryan anaba masekondi a m'manja mwa quarterback. LeBeau anaba theka la sekondi la m'mutu mwake. Belichick anaba mphindi za pa koloko mu 1991, ndipo mu 2002 anasokoneza nthawi ya pakati pa woponya na wowakha. Dungy na otsatila ake anamupatsa nthawi yambili m'malo olakwika, n'kuyembekezela kuti atope mtima. Njila iliyonse inagwila nchito mpaka pamene quarterback wina anaipezela yankho, kapena ligi inasintha lamulo. Ndipo malamulo apitiliza kupendekela mbali imodzi: Brady atavulala bondo mu 2008, ligi inakhwimitsa lamulo loletsa kugunda quarterback m'maondo, ndipo mu 2018 inakhwimitsa loletsa kumugwela na thupi lonse.

Cimene cakhalitsa pa zonsezi ni masamu aja a poyamba. Timu imene ingafike kwa quarterback na anthu anayi cabe ndiyo yokha imene imafunda mutu na mapazi nthawi imodzi. Izi n'zosavuta kukamba, koma othamangitsa otele ni ocepa ndipo ni odula, ndiye cifukwa cake makochi ambili amakakamizika kunamiza, kubisa na kuika moyo pa ciswe na blitz. Pa mkangano wathu wa pa WhatsApp uja, mbali zonse ziwili zinali na coonadi pang'ono. Mahomes tsiku linamuipiladi, koma panali anthu anayi amene analiipitsa.

Sizoni ikayamba mu September, yesani izi olo kwa kota imodzi. Cotsani maso pa mpila. Mpila usanayambe, welengani ma safety amene aima kumbuyo kweni-kweni: ni mmodzi kapena awili? Ukangoyamba, onani ngati akali pamene anali kapena asuntha, ndipo welengani amene abwela kwa quarterback. Ndiyeno welengani camumtima: imodzi, ziwili, zitatu. Ngati mwafika pa zitatu mpila ukali m'manja mwake ndipo othamangitsa ni anayi cabe, dzutsani mnzanu amene wagona pa mpando.